Katsekera koyezera phazi la Nelita

Ine ndinapweteketsa munthu wosalakwa ndi pakamwa pangapa. Sindinatole mwala, sindinagwire ndodo, koma amene anatchula dzina lake ndine, ndipo ndinalitchula mokweza, pakati pa mudzi, masanasana. Ndikulemba izi m'kaderino kakale ka kusukulu, chitseko nditatseka, khutu lili kumsewu. Sukulu ndinalekezera kwarta kalasi, kalasi yachinayi, ndiye mukaona polakwika mundikhululukire. Koma inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene muli ndi ana aang'ono, musandisiye panjira, muwerenge mpaka pothera. Dzina langa sinditchula, ndipo maina enawa ndawasintha.

Kwathu ndi cha ku Fonte Boa. Amuna anga ananditenga chitengwa ndili mtsikana, kubwera nane kwawo kuno kufupi ndi Lifidzi. Mwana wathu woyamba anamwalira ali ndi miyezi inayi, anangotentha thupi Lachiwiri, pofika Lachinayi tikuika m'manda. Ndiye atabadwa wachiwiriyu, Nelita, mtima wanga sunakhalenso m'malo. Akatsokomola ndadzuka, akagona kwambiri ndikuika khutu pachifuwa, galu akauwa ndathamanga kale kukamunyamula. Apongozi anga ankandiseka kuti ndili ngati nkhuku ya anapiye imene imaona kabawi ngakhale pa chithunzi cha tsamba.

Kuseri kwa nyumba yathu, kungodutsa mpanda wa tsekera, kunkakhala Mayi Selestina. Iwo sanali a kuno kumapiri, anali a kumunsi ku Tete kotentha kuja, ndipo poyankhula Chinyungwe chinkamvekabe. Anabwera ndi amuna awo kalekale, amunawo anamwalira, iwo n'kutsala okha m'nyumbamo, opanda mwana ngakhale mmodzi. Anthu sankadana nawo, koma sankawawerengeranso ngati athu. Zaka zonsezo ankangowatchulabe kuti a ku Tete aja. Tsiku limene ndinkachira Nelita, amene anandiperekeza kuchipatala ndi iwowa, beseni ndi makapulana, zitenje zathuzi, zili pamutu. Amene anandiphunzitsa kusambitsa khanda nthawi yachisanu osalidwalitsa ndi iwo omwe. Nelita atayamba kuyenda, ulendo wake woyamba unali wa kwa iwo, kudzera pabowo la mpanda, ndipo ankawaitana kuti avovo, kutanthauza agogo.

Zonsezi ndikuzikumbuka lero. Nthawi imene zinkafunika kuzikumbuka ndinaziiwala.

A Joakina, amene ali ndi baraka, kagolosale ka pamsewu, anagula painelo ya dzuwa ndi televizawu. Madzulo inali ya abambo ndi mpira wawo, koma masana, tikaweruka kumunda n'kudyetsa ana, kunkabwerezedwa novela ina, sewero la magawomagawo la apolisi. Amayife tinkadzazana pakhonde la kuseri kwa baraka, wina akusankha nyemba m'lichero, wina akuluka mnzake tsitsi. Nkhani yake inali ya ana amene ankasowa mumzinda wina waukulu, ndi wapolisi wamkazi amene ankafufuza. Chipwitikizi chake chinali chothamanga, ine ndinkangotolapo mawu amodziamodzi. A Joakina anakhalapo ku Beira, ndiye ndi iwo ankatimasulira, ndipo pomasulirapo ankathira mchere wawo.

Mu novelamo munali mayi wina wachikulire, wokhala yekha, wokonda kuitana ana a eni n'kumawapatsa bolasha, timabisiketi tija. Akangotulukira, nyimbo inkasintha, inkayamba kulira pansipansi, ndipo khonde lonse linkamutukwana.

"Uyo wabwera mfiti ija," ankatero a Joakina. "Taonani m'mene akumuyang'anira mwanayo. Akumuwerengera mtengo ameneyo."

Wina n'kuyankha kuti, "Wapolisiyunso ndi wogona, ntchito kupenta milomo basi. Akanabwera nayo kuno nkhaniyi, tikanamuthandiza tsiku limodzi."

Tinkaseka mpaka kugwirana mapewa. Mukandifunsa ngati tinkadziwa kuti ndi sewero, ndiyankha kuti pakamwa tinkadziwa ndithu. Koma a Joakina ankati anthu a mumzinda sangajambule chinthu chimene sichinachitikepo, ndipo ankatikumbutsa kuti ife tili pafupi ndi malire. Pamenepo aliyense ankatulutsa yake, wina ya msuweni wa mlamu wake, wina yomva m'chapa, minibasi zathu zija, ndipo novela ikamatha sitinkadziwanso kuti iyi taiona pagalasi, iyi tauzana tokha. Ine ndinkabwerera kunyumba mwana nditamumanga kumsana zolimba mpaka kulira, chikhalirecho anali wa zaka zitatu, wodziyendera yekha.

Tsiku lina anaonetsa wapolisi uja atasuzumira pawindo la mayi wachikulire uja, n'kuona kabokosi muli tinthu ta ana: kachipewa, kansapato kamodzi, kachidole. A Joakina anati ogula ana sagula chinthu chosaona, amayamba atumiziridwa muyezo, ngati m'mene timachitira posoketsa diresi. Mawu amenewa pa televizawu sananenedwe, anali a iwo okha. Koma ine anandilowa, n'kukhazikika.

Chisanu cha chaka chatha chitangoyamba, m'madimba mutayamba kuyera m'mawa, ndinachokera kuchitsime n'kupeza Nelita palibe pakhomo. Ndinatula ndowa n'kusuzumira pampanda. Anali atakhala pakhonde la Mayi Selestina akudya mbatata yootcha, iwo atagwada patsogolo pake. Ndinawaona akusolola katsekera pampanda, n'kukaika kunsi kwa phazi la mwana, kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu. Anawonjezerapo pang'ono, n'kuthyola. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kukamangirira pansonga ya kapulana yawo.

Inu owerenga, ndani mwa ife sadziwa zimenezi? Mwana wakumudzi sitipita naye kumsika kukayesa nsapato. Timathyola kamtengo kapena kaudzu, kuyeza phazi, n'kupita nako kwa ogulitsa. Mayi anga ankatero, ineyo ndinachitapo. Koma tsiku limenelo maso anga sanaone nsapato, anaona kabokosi ka mu novela ndi muyezo wa a Joakina. Kuyang'ana uku ndi uku kuja kunali kwa munthu wofuna kundidzidzimutsa ndi mphatso, ine ndinati ndi kwa wakuba.

Ndinadutsa pabowo paja, n'kumutsomphola mwana osapereka ndi moni womwe.

"Amake Nelita, mwadzuka bwanji?" anatero iwo. "Mapazi a mwanayu ayamba kung'ambika ndi chisanu, mwaona?"

Ine ndinangotembenuka ndi mwana wanga. Funso linali limodzi lokha, lakuti katsekerako n'kachiyani, ndipo akanandiyankha akuseka. Sindinafunse.

Masana omwewo ndinakawanong'oneza a Joakina, ndipo ndinati asauze munthu. Pofika Lamulungu potuluka ku Misa, nkhani inali itakula kuposa ine. Katsekera kanasanduka chingwe, chingwe chinasanduka tsitsi ndi zikhadabo. Ena ankati amawamva akuyankhula Chinyungwe pa telefoni ndi anthu osadziwika, chonsecho anali mwana wa mchimwene wawo wa ku Tete. Pakhonde paja mayi wa mu novela uja tinasiya kumutchula dzina lake, akatulukira tinkangoti Selestina wabwera. Bowo la mpanda ndinalitseka ndi minga. Nelita ankaima pamenepo akuitana avovo, iwo akuyankha kuseriko, ine n'kumukoka dzanja.

Amuna anga anandidzudzula kamodzi. Anati, "Iwe, televizawu imeneyi ikukulowa m'mutu ngati kachasu. Mayi aja anakunyamulira beseni." Ndinawayankha kuti abambo saona kanthu mpaka manda atakumbidwa. Anatembenuka n'kutuluka panja, ndipo ine ndinayesa kuti ndapambana.

Tsiku lake linali la msika ku Domwe. Apongozi anali atapita kumaliro kumudzi wina, amuna anga ali kudimba kokumba mbatatesi, Nelita atagona masana. Dzulo lake a Joakina anali atatiuza kuti gawo lotsatira wapolisi akathyola chitseko cha mayi uja. Ndinadziuza kuti ndingoonako pang'ono mwana ali m'tulo. Ndinakoka chitseko osakhoma, n'kuthamanga. Ine yemwe uja wosamusiya mwana ngakhale popita kuchimbudzi, ndinamusiya yekha m'nyumba chifukwa cha novela yonena za kuba ana, ndipo ndinakhalako mpaka inatha.

Nditabwerera ndinapeza chitseko chili pululu, pamphasa palibe munthu, kabulangete kali pansi. Ndinathamangira kunkhokwe, kukhola la nkhumba, kuchimbudzi, kuchitsime, ndikuitana dzina lake. Ndinayang'ana kwa Mayi Selestina, chitseko chokhoma. Mayi wina wodutsa ndi nkhuni anati anawaona m'mawa akukwera chapa ya ku Domwe. Iwo anachoka m'mawa, mwana anasowa masana, ngakhale mwana wa sukulu akanaona kuti sizikugwirizana. Koma mantha sawerengera. Ndinaima pakati pa bwalo manja ali kumutu, n'kukuwa kuti Selestina wandibera mwana, wapita naye kumalire.

Oyamba kufika anali amayi a pakhonde paja, maso akadali odzaza ndi zimene tinangoonera. Kenako abambo a pabawo, kenako anthu amene sindinkawadziwa n'komwe. Wina anati Selestina ali ndi anzake amene anadzamutengera mwanayo. Anathyola chitseko cha Mayi Selestina chija ngati m'mene anathyolera wapolisi, anagubuduza mphasa, miphika, thumba la ufa. Sanapeze kanthu koma kachidole ka chitsononkho kamene Mayi Selestina anamupangira Nelita, kovekedwa kansanza. A Joakina anakakweza m'mwamba n'kunena kuti, "Mwaona? Ndimanama ine?"

Dzuwa litapendeka, chapa inaima pamsewu. Mayi Selestina anatsika ndi kapulasitiko kakuda m'manja, akumwetulira, poyesa kuti anthu adzazana chifukwa cha zina. Sindifotokoza zonse, dzanja langa silingathe. Anthu ankawafunsa kuti mwana mwamugulitsa kwa yani, iwo n'kumafunsa kuti mwana uti. Atamva kuti Nelita, anayamba kulira asanakhudzidwe n'komwe, akufunsa ngati tayang'ana kuchitsime. Woyamba kuwamenya anali mayi, osati bambo. Atagwa pansi ankandifunafuna ndi maso pakati pa miyendo ya anthu, akuitana kuti, "Amake Nelita, auzeni." Ine ndinali pomwepo. Ndinayang'ana kumbali.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikukumbuka ndi kulira kwa mateyala a ngolo kuchokera njira ya kudimba. Anali amuna anga akukusa ng'ombe, ndipo pamwamba pa matumba a mbatatesi panali Nelita, akutafuna nzimbe. Amuna angawo anali atabwera kunyumba masana kudzatenga matumba ena, anapeza mwana akulira yekha, amake kulibe, n'kumutenga. Sanauze munthu chifukwa pakhomo panalibe munthu woti amuuze.

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, chafutambuyo, ndodo zikugwera mu udzu. Kapulasitiko kaja kanali pansi katang'ambika. Munali sopo, mchere, ndi nsapato zofiira za mwana zomangidwa pamodzi ndi ulusi. Nditazitola, m'kati mwa imodzi munali katsekera kaja.

Amuna anga anagwetsera mbatatesi zonse pamsewu, n'kuwagoneka Mayi Selestina m'ngolo mpaka anakapeza galimoto ya ku Ulongwe. Anakhala m'chipatala masabata atatu. Mkono unathyoka pawiri, diso lakumanzere silinaonenso. Apolisi atabwera kudzafunsa, mudzi wonse unati unali kumunda tsiku la chipolowe lija, palibe anaona kanthu. Inenso ndinati ndinali kutchire kofunafuna mwana. Mpaka lero galimoto ikaima pamsewu, ndimayamba kuganiza kuti akanditenga Nelita atsala ndi yani.

Kuchipatala sindinapite kukawaona. Amuna anga anapita kawiri, ndipo pobwera sankandiuza kanthu, inenso sindinkafunsa. Atatuluka, mwana wa mchimwene wawo uja anabwera kudzawatenga kuti abwerere nawo ku Tete. Tsiku losamukalo ndinachotsa minga ija pampanda, n'kudutsa pabowo. Anali atakhala pamtolo wa zovala, mkono uli m'nsalu yokolekedwa m'khosi. Anatembenuza mutu wonse kuti andione ndi diso lotsalalo. Ndinali nditakonza mawu ambiri masabata onsewo, ndipo ndinagwada patsogolo pawo.

Anayamba ndi iwo. "Zamukwana?"

Sindinamve chimene akunena.

"Nsapato zija. Zamukwana? Ndinawonjezera chala chimodzi, kuti afike nazo chisanu cha chaka chamawa."

Ine ndinali ndisanamuyese n'komwe, ndinazisomeka kudenga chifukwa sindinkatha kuziyang'ana. Ndinanama kuti zamukwana. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndizimupaka mafuta m'zidendene ndisanamuveke. Basi, zinathera pomwepo. Sanandikalipire, komanso sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe. Galimoto itapita ndinatsitsa nsapato zija n'kumuveka mwana. Zinamukwana, kutsogolo kukutsala chala chimodzi.

Mvula itayamba, uthenga unabwera pa telefoni ya amuna anga kuti Mayi Selestina amwalira. Chimene chinawatenga sitinauzidwe, ndipo ine sindikudziwa ngati chinali cha pamsewu paja kapena matenda ena. Kuno sikunalire munthu. Sitinasonkhe ngakhale mbale imodzi ya ufa, pamene iwo sankajomba pa maliro a aliyense m'mudzi muno. Nyumba yawo denga lagwera m'kati, mundamo mwamera chisoso chokhachokha.

Kubaraka ndinasiyiratu kupita. Koma njira ya kuchigayo imadutsa pomwepo, ndipo tsiku lina podutsa ndi thumba pamutu ndinamva amayi akulira pakhonde paja. Ndinayesa kwagwa zovuta, ndinaima. Linali gawo lomaliza la novela ija. Mayi wachikulire uja anapezeka kuti sanalakwe. Tinthu ta m'kabokosi tija tinali ta mwana wake amene anamwalira kalekale, ndipo wakuba ana anali bambo wina wovala bwino amene tonse tinkamukonda. Amayi ankafwenthera m'makapulana. A Joakina, misozi ili mbwembwembwe, ankati, "Koma anthu ndi oipa inu. Kumuzunza chonchi mayi wosalakwa."

Ndinayang'ana nkhope zawo imodziimodzi, wa ndodo uja, wothyola chitseko uja, woyamba kumenya uja, kudikira kuti wina atchule dzina limene tonse tinkalidziwa. Palibe anatchula. Patapita kanthawi wina anafunsa kuti yatsopano iyamba liti. Inenso sindinatchule, ndinangosenza thumba langa n'kumapita.

Sindikunena izi kuti ndidziyeretse poipitsa anzanga. Iwo anamenya ndi manja, koma amene anawalozera munthu ndine, ndipo mlandu weniweni wa tsiku limenelo unali wanga, wosiya mwana yekha m'nyumba. Ndinakaulula kwa a padiri, anandipatsa mapemphero, ndinapemphera, koma mtima sunapepuke. Amuna anga sanandisiye, sananditukwanepo, kungoti masiku ano amayankhula nane zochepa.

Inu owerenga, sindikukuletsani kuonera. Onerani, koma mukamadzuka pakhondepo muzisiya zimene mwaonerazo pomwepo, ngati m'mene timasiyira matope pakhomo. Anthu a pagalasi aja akamenyedwa amadzuka, amakasamba, mawa mumawaonanso mu novela ina. Mnzanu wa kuseri kwa mpanda ali ndi mafupa enieni. Musalolenso kuti munthu wina azikumasulirani anzanu okhala nawo ngati m'mene amakumasulirani Chipwitikizi. Mantha a mayi ndimawadziwa, ndinaikapo mwana m'manda, koma ndaona kuti mantha amasankha munthu wosavuta, wobwera, wamasiye, wopanda mbale womuimira pamlandu. Ndipo nkhani ikangochoka pakamwa panu simungaibweze, ngakhale mutati asauze munthu.

Chisanu chabweranso tsopano. Nelita wafika nazo nsapato zija monga iwo ananenera, koma zayamba kumuthina, chala chikugunda kutsogolo. Dzulo amuna anga anati akupita ku Domwe, ndiwapatse muyezo. Ndinapita pampanda paja kukasolola katsekera, ndipo mwana atandiona anakhala pansi yekha, n'kutambasula phazi osauzidwa. Anati, "Ngati avovo." Kenako anandifunsa kuti avovo abwera liti kumsika.

Ndinagwada pamenepo, katsekera kali m'manja, osatha kuyeza. Tsiku lina adzakula, adzafunsanso, ndipo m'mudzi muno sadzasowa womuuza. Ndalemba izi kuti adzayambe kumva kwa ine.

Mukaona mnzanu akuchita chimene simukuchimvetsa, pitani mukamufunse mwini wake, akadali ndi maso onse awiri okuyang'anirani.